Bridge ya gitala: yezani kaye musanatulutse ndalama

Gitala wanga wa mtundu wa Les Paul tsopano akulira bwino, koma mtima sunatsikebe. Mawaya a pakati, D ndi G, ankakhudza mafuleti, mawu n'kumazilala msanga. Ambiri akamva zotere amathamangira kusintha pickup, kachipangizo kotola mawu a mawaya. Ayi ndithu. Yambani mwaona bridge, chitsulo chomwe mawaya amatsamirapo pa thupi la gitala: chotsani mawaya, muizule, mugoneke rula kunsi kwake kuti muone ngati yapindika. Ma bridge otchipa a mtundu wa Tune-o-matic, omwe amakhala pa Les Paul, ndi a zinki, akapanikizika zaka zambiri amapindika pakati, ma saddle (tizitsulo tomwe waya aliyense amakhalapo) a pakatiwo n'kutsika. Ikapindika ndi yotaya basi.

Chondikwiyitsa chili apa. Wogulitsa wina pa intaneti analemba kuti bridge ndi tailpiece (chitsulo chogwira mathero a mawaya kumbuyo kwa bridge) zake zimakwana pa Les Paul aliyense. Bodza lamkunkhuniza. A Gibson ku America amayeza mu mainchi: mabawuti a tailpiece ndi 5/16-24, ndipo bridge yawo ya mtundu wa ABR-1 imakhala pa timabawuti toonda ta 6-32 tolowa m'thabwa mwenimwenimo. Magitala ambiri omwe timaimbira kuno, a Epiphone ndi anzake a ku China, ndi a mamilimita, kawirikawiri M8 (bawuti wonenepa 8 mm). Katundu wafika, msonkho walipiridwa, bawuti akukana kulowa! Tsiku lonse linathera m'mashopu a hardware ku Limbe, paliponse yankho limodzimodzi: "Zimenezo sitisunga, bwana." Musakakamize ndi sipanala. Bushing, kachitsulo kokhomeredwa m'thabwa komwe bawuti amalowamo, ikayamba kuzungulira m'thabwamo mutha kudula kawaya ka earth kobisika pamenepo, ampu n'kuyamba kung'ung'udza. Yezani kaye ndi vernier (choyezera kunenepa kwa zinthu) kunenepa kwa bawuti komanso kutalikirana kwa mabawuti awiriwo, pakati ndi pakati: pa bridge ndi pafupifupi 74 mm, pa tailpiece pafupifupi 82 mm.

Za tailpiece, oimba ambiri amaitsitsa mpaka igunde thabwa, ati mawu amakhalitsa. Imakhazikikadi, koma waya umatsetsereka kwambiri mpaka kutsamira m'mphepete mwa kumbuyo kwa bridge, ndipo kupanikiza kumeneko ndi komwe kumapinda bridge ija. Kwezani tailpiece pang'onopang'ono mpaka pepala lizidutsa pakati pa waya ndi m'mphepetemo. Ngati mukuifunabe pansi, lowetsani mawaya kuchokera mbali ya pickup n'kuwakhotetsera pamwamba pake, kungoti chrome imakandika. Tailpiece ya aluminiyamu ndi yopepuka kwambiri kuposa ya zinki, kusiyana kwa mawu kulipo koma n'kochepa. Kwa ine chimene chimadya mawu kwenikweni ndi kugwedera: bawuti wosewera mu bushing, saddle yosakhazikika, kapena kawaya kogwira masikuluwu pa ABR-1 kakamanjenjemera.

Ndadumpha za khosi la gitala, pomwe ndi poyambira. Ikani capo (chopanira mawaya) pa fuleti 1, dinani waya pa fuleti yomaliza, mpata wa pakati pa waya ndi fuleti 8 ukhale pafupifupi 0.25 mm. Ngati suli choncho, truss rod (kachitsulo ka m'kati mwa khosi koliwongolera) muzipotoza pang'ono, osapitirira kota nthawi imodzi. Zimene mwachuna pa chiperoni cha July zitha kusuntha pofika kutentha kwa October, ndiye muzionanso. Mukatero kwezani kapena kutsitsa bridge, mawaya mutawamasula kaye: mpata wa pakati pa waya ndi fuleti 12 ukhale, E wonenepa 2 mm, E woonda 1.6 mm.

Intonation, kulondola kwa mawu pa mafuleti onse, ibwere kumapeto, ndi mawaya atsopano, chifukwa adzimbiri amanamiza chuna (kachipangizo kochunira). Chunani waya, mudine pa fuleti 12. Mawu akakwera kupitirira, bwezani saddle cha ku tailpiece. Akatsika, ikankhireni cha ku khosi, n'kuchunanso musanayesenso. Saddle ya G ikafika kumapeto mawu asanalondole, itembenuzeni iyang'ane kwinaku, mupeza kampata kena.

Chinanso chomwe wogulitsa uja sananene: ma bridge ena amabwera ma saddle ake opanda mipata ya waya. Palani ndi fayilo yaing'ono, kuya kwake kusapitirire theka la kunenepa kwa wayayo, musalaze bwino, apo ayi E woonda azingoduka pomwepo. Ndipo musanaitanitse chilichonse, mufunseni akuuzeni ngati ndi M8 kapena mainchi, inu vernier ili m'manja.