Khadi la ubatizo limene linali m'chikwama changa

Ndagwira ntchito ya ukatekisiti kwa zaka 14 mu parishi ina ya Dayosizi ya Mangochi, ndipo sabata imene imanditopetsa kuposa zonse ndi yokonzekeretsa ana kukalapa koyamba. Chaka chino inagwera kumapeto kwa Okutobala, pamene dzuwa la kuno limatentha mpaka malata a tchalitchi kumachita kuthetheka, ndipo Uthenga Wabwino wa Lamulungu lake unali wa pa Luka 18:9-14, fanizo la Mfarisi ndi wokhometsa msonkho amene anapita kukapemphera ku Nyumba ya Mulungu.

Lolemba ndinakhala mu ofesi ya parishi. Lamulo la Mpingo limafuna kuti mwana ayambe walapa asanalandire Ukaristia woyamba, ndipo wosabatizidwa sangalape, choncho dzina lililonse ndimaliyerekeza ndi khadi la ubatizo kapena ndi buku la parishi. Mwa ana 43, mmodzi yekha analibe umboni: mnyamata wa ku nthambi yathu ya kufupi ndi nyanja ya Malombe, amene akuleredwa ndi agogo ake aakazi ndipo anabatizidwira ku parishi ina. Dzina lake ndinalikhwatcha.

Lachiwiri ndinaphunzitsa zofunika kuti munthu alape bwino: kufufuza mumtima, kumva chisoni, kutsimikiza kuti sadzabwerezanso, kuulula kwa wansembe, ndi kuchita zimene wansembeyo walamula ngati malipiro. Ana amaloweza zimenezi mosavuta, koma vuto limaoneka tikayamba kuyeseza ndi machimo ongopeka. Mwana amayamba bwino, kuti anamenya mng'ono wake, kenaka amafulumira kuonjezera kuti mng'onoyo ndiye anayamba, ndipo pomaliza amakhala ataulula machimo a banja lonse, ake okha atasowa. Ndinawauza za Augustino Woyera, nkhoswe ya tchalitchi chachikulu cha dayosizi yathu, amene ali ndi zaka 16 anaba zipatso m'munda wa mnansi pamodzi ndi anzake, osati chifukwa cha njala koma chifukwa kubako kunkamukomera, ndipo atakula n'kukhala episkopi wa mzinda wa Hippo, kumpoto kwa Africa, analemba yekha za mlanduwo osadzichotsapo. Ana anaseka, poti mango ayamba kupsa ndipo aliyense wa iwo amaudziwa mtengo wa eni ake umene amaugenda pochokera kusukulu. Ndinatuluka m'kalasimo ndili wokhutira kuti ndaphunzitsa bwino za kudzichepetsa, ndipo kukhutira kumeneko kukanayenera kundichenjeza.

Lachitatu agogo a mnyamata uja anafika pa kabaza, thukuta lili kamukamu, ndipo anandipeza pakhonde ndili ndi atsogoleri a miphakati. Anagwada n'kunena kuti, "Aphunzitsi, khadi la mdzukulu wanga ndinakupatsani inu m'manja, tsiku lija munabwera kwathu kudzatsogolera mapemphero." Ine ndinayankha mokweza, pamaso pa anthu onsewo, kuti ndatopa ndi makolo amene amataya mapepala n'kumanamizira katekisiti, ndipo ndinadzudzulanso wapampando wa mphakati wawo kuti salongosola zinthu. Agogowo sanatsutse. Anangoti, "Zikomo, aphunzitsi," nanyamuka, ndipo ndinamva pambuyo pake kuti anabwerera wapansi chifukwa ndalama ya kabaza inali ya ulendo umodzi.

Khadilo ndinalipeza Lachinayi usiku, ndikufunafuna kolona m'chikwama chimene ndimayenda nacho kunthambi. Linali litapindika pakati pa malisiti a mtulo, ndipo kuseri kwake kunali tsiku limene ndinalilandira, lolembedwa ndi dzanja langa. Chimene chinabwera poyamba m'mutu mwanga sichinali chisoni ayi, koma njira yothawira. Ndinaganiza zongobwezeretsa dzinalo pamndandanda n'kutumiza uthenga wakuti khadi lapezeka, mawu amene si bodza koma sanena kuti lapezeka kuti ndipo analisoweza ndani. Ndinaganizanso kuti nthambi zimene ndimayendera panjinga ndi zambiri, kuti malipiro athu ndi ochepa, kuti aliyense akhoza kuiwala. Zonsezo ndi zoona, ndipo ndi zomwezija amanena ana anga zakuti mng'ono ndiye anayamba. Ndimaganiza kuti ife ogwira ntchito za tchalitchi tili pangozi yoposa ya akhristu ena, chifukwa kunena kuti tonse ndife ochimwa sikutipweteka konse. Timakunena pa Misa iliyonse uku tikudziguguda pachifuwa, ndipo pakamwa pathu panazolowera. Chimene chimapweteka ndi tchimo limodzi lokhala ndi tsiku lake, malo ake ndi mboni zake. Papa Francisco atafunsidwa mu 2013 kuti iye ndi ndani, anayankha kuti ndi munthu wochimwa, ndipo yankho limenelo ndalitchulapo kambirimbiri pophunzitsa, koma sindinaganizepo kuti tsiku lina lidzafuna kuti ndikagwade pamaso pa mayi woyanika nsomba.

Lachisanu m'mawa Misa itatha ndinapempha Bambo Mfumu kuti ndilape. Zimene tinakambirana mmenemo ndi za ine ndi Mulungu, koma ndinatuluka ndikudziwa chimene ndakhala ndikuphunzitsa ena, kuti chikhululukiro cha sakramenti sichichotsa udindo wokonza chimene munthu waononga, ndipo chimene ine ndinaononga chinali mbiri ya agogowo pamaso pa atsogoleri a miphakati aja. Masana a tsikulo ana 42 analapa. Ndinawayang'ana ali pamzere, ena akunjenjemera, ena akuwerengera machimo awo pa zala kuti asaiwale, ndipo malo a mnyamata uja anali opanda munthu chifukwa cha ine.

Loweruka ndinapalasa njinga kupita kumudziko, nditapempha wapampando wa mphakati ndi anthu awiri mwa amene analipo Lachitatu kuti akhalepo, popeza chipongwe chochitika pagulu sichitha ndi kupepesa kwa kuseri. Agogowo ndinawapeza akuyanika nsomba pathandala. Ndinatulutsa khadilo n'kunena kuti, "Agogo, khadi lija linali ndi ine. Inu munanena zoona, ine ndinakunamizirani ndi kukuchititsani manyazi pamaso pa anthu. Ndalakwa, mundikhululukire." Mawu akuti "koma" anafika pakamwa kawiri konse, ndipo kawiri konse ndinawameza. Ndivomere kuti mumtima ndinkayembekezera kuti anthu adzandiyamikira chifukwa cha kudzichepetsa kwangaku, zimene zikuonetsa kuti Mfarisi uja anali atakwera nane panjinga. Palibe anandiyamikira. Agogowo anapukuta manja pachitenje, nalandira khadilo, nati, "Ine ndimadziwa kuti lili ndi inu, aphunzitsi, ndimangodikira kuti mulione. Nanga mwanayu alapa liti?" Wapampando anandiuza mosabisa kuti aka sikoyamba kuti ndiwakalipire popanda kufunsa, ndipo anatchula maulendo ena awiri amene ine ndinali nditawaiwala. Amenewo anandiwawa kuposa nkhani ya khadi.

Lamulungu m'mawa mnyamatayo anabwera ndi agogo ake, ndalama ya kabaza yopita ndi yobwerera nditalipira ine, ndipo Bambo Mfumu anamulapitsa Misa isanayambe. Iwo atatsala ku parishi, ine ndinapita kunthambi ina kukatsogolera mapemphero a popanda wansembe, kumene ndinayenera kuwerenga fanizo lija ndi kulifotokoza. Zimene ndinakonza Lolemba, masamba awiri odzudzula akhristu odzikweza, ndinazisiya m'chikwama. Ndinawerenga Uthenga Wabwino, ndinafotokoza mwachidule za khadi popanda kutchula dzina la munthu, kenaka tinayamba mapemphero a akhristu onse.