Ndinakonzekera zitunda, koma wandigonjetsa ndi mtsetse ndi mwera

Ndabwerako. Njinga ili pakhonde, tcheni chadzaza fumbi, ndipo bondo lakumanja likundikumbutsabe za ulendowu ndikamakwera masitepe kuntchito. Cholinga chinali kuchoka ku Lilongwe, kudzera ku Dedza, kutsikira kunyanja, kutsata Shire mpaka kukathera pamwamba pa phiri la Zomba. Ndathera pa Liwonde. Komabe kwa munthu amene chaka chatha ndimapuma wefuwefu ndikangofika pa Nanjiri, kunja pang'ono kwa Lilongwe, masiku asanu ndi limodzi amenewa sindingawapeputse.

Miyezi inayi yokonzekera ndinathera pa chinthu chimodzi basi, zitunda. Loweruka lililonse ndimasaka malo okwera, kukwera, kutsika, kukweranso. Maganizo anga anali akuti ndikathana ndi mtunda wa ku Dedza, zotsalazo ndi masewera. Njinga yake ndi ya kaunjika, yamagiya, mabuleki ake ndi aja ogwira limu. Ndinaionjezera kaliyala, n'kumangirira zikwama ziwiri zomwe telala wa kwathu anandisokera ndi nsalu ya tenti. Munali machubu awiri, zigamba, guluu, pampu, masipanala, juzi, ndi mabotolo atatu a madzi. Atatu okha. Za mabotolowa tikambirana kutsogoloku.

Tsiku loyamba linayenda monga momwe ndinalikonzera. Kuchoka ku Lilongwe kufika ku Dedza ndi makilomita pafupifupi 85 pa msewu wa M1, ndipo umakwera kuchoka pa mamita ngati 1,050 kukafika pafupifupi 1,600. Si chitunda chimodzi ayi, ndi kukwera, kutsika pang'ono, kukweranso, mpaka utaleka kuwerenga. Nathenje ndi Kamphata ndinadutsa kukadali m'mawa, ndinawoloka Diamphwe, ndinadya kanyenya wa mbuzi ndi tchipisi pa Chimbiya. Chovuta pa msewu umenewu ndi magalimoto. M'mbali mwa phula mwadyeka m'malo ambiri, ndiye thiraki ikaliza hutala kumbuyo sumayamba kufunsa kuti wolakwa ndani, umangotsikira kufumbi. Ndinalowa m'tauni ya Dedza dzuwa likupendeka, miyendo ikadali ndi mphamvu. Kuzizira kwa mwezi wa Juni pansi pa phiri lija, lomwe nsonga yake imayandikira mamita 2,200, kunandigonetsa ndi juzi ndi masokosi. Zojambula zakale za pamiyala ya ku Chongoni, zomwe bungwe la UNESCO linaziika pa mndandanda wake wa malo ofunika kutetezedwa padziko lonse mu 2006, ndinazidutsa osapatuka. Zikundiwawabe.

Tsiku lachiwiri ndi limene ndikufuna kulemba bwinobwino, kuti mnzanga wina asadzachite zomwe ndinachita ine.

Ukachoka ku Dedza kulowera ku Ntcheu, umapatuka kumanzere pa Masasa. Poyamba msewu umangoyenda pakati pa minda ya kachewere ndi midzi, osaonetsa zimene wasunga. Kenako dziko limangotha. Uli pamwamba pa phompho, chigwa chonse chili pansi, ndipo kutali uko kukuoneka kamzere kotuwa kamene ndi nyanja. Apa ndiye pa Khwekhwerere. Nyanja ya Malawi ili pa mamita pafupifupi 474 kuchokera pamene pamalekeza nyanja yamchere, choncho zonse ndinakwera dzulo lake, kuphatikizapo zina zambiri, ndimayenera kuzibweza m'makona okhotakhota aja.

Ndinatsika monga amatsikira munthu wamantha: zala zonse pa mabuleki, kufinya osasiya. Ndinkaganiza kuti ndiko kusamala. Makona angapo atadutsa ndinayamba kumva fungo la labala wopsa, manja anachita dzanzi, kenako kumbuyo kunamveka phuu! Mwayi wake ndinali pamalo owongoka ndipo liwiro linali lochepa. Nditakhudza limu ndinachotsa chala msanga, inali ngati chiwaya.

Ndili pansi pa mtengo ndikusintha chubu, panafika bambo wina akukankha njinga yosenza matumba awiri a makala, akukwera kumene ine ndimachokera. Anaimika katundu wake pamwala, n'kundiyang'ana kanthawi.

"Mwaswera bwanji, achimwene? Chaphulika?"

"Chaphulika, bambo. Kaya ndi minga."

Anagwira limu ndi kuseri kwa dzanja, n'kuseka. "Minga yake iti? Mwaiphika nokha iyi. Buleki sitigwira ngati dzanja la mwana pamsika. Mumagwira mwamphamvu musanafike pakona, n'kusiya. Ikatentha, imani muone dziko."

Zimene ananenazo ndi zoona ndithu. Buleki wogwira limu amasandutsa liwiro kukhala kutentha, ndipo kutenthako kumalowa m'limu momwemo. Ukafinya mosalekeza limu sipeza mpata wozizira, mpweya wa m'chubu umafufuma, chubucho chimafewa, ndipo ngati unapopa kwambiri m'mawa kukuzizira ngati momwe ndinachitira ine ku Dedza, mapeto ake ndi amenewa. Katundu wa pa kaliyala amangoonjezera moto. Gawo lotsalalo ndinatsika monga anandiuzira bambo aja: kuphwetsako mpweya pang'ono, kugwira kutsogolo ndi kumbuyo mwamphamvu kwa kanthawi, kusiya, kuima pakapita makona angapo. Ndipo n'zoona, ukaima umaona dziko. Mitengo imasintha uli pompo, juzi umavula pakati pa njira, ndipo ukamafika pa Golomoti n'kuwoloka njanji, milambe yayamba kale.

Chinandichititsa manyazi n'chakuti ine ndili ndi magiya, helemeti ndi kawotchi kowerenga makilomita, pamene bambo aja akwera phiri lomwelo wapansi, akukankha katundu wolemera kuposa ine ndi njinga yanga pamodzi. Timati tikupanga masewera olimbitsa thupi m'misewu imene anzathu amagwiramo ntchito tsiku ndi tsiku. Sindikunena kuti tileke. Ndikungoti polonjerana nawo tizitsitsa mawu.

Ndinagona ku Mua, kumpoto pang'ono kwa Golomoti pa msewu wa M5. Mishoniyi anaiyambitsa ansembe a White Fathers mu 1902, ndipo malo a zachikhalidwe a Kungoni anawatsegula bambo Claude Boucher mu 1976. M'nyumba yosungiramo zakale ya Chamare muli zigoba za Gule Wamkulu zambirimbiri komanso mbiri ya Achewa, Angoni ndi Ayao. Ndinalowamo ndi kabudula wanga wothina wa panjinga, ndipo amayi ena amene anali pakhomo anandiyang'ana mokwanira kuti ndibwerere kukavala thalauza.

Tsiku lachitatu pamapu limaoneka ngati mphatso. Msewu wa M10 umadutsa m'chigwa cha Bwanje, dziko lathyathyathya, minda ya mpunga, milambe, ng'ombe. Palibe chitunda choti n'kutchula. Koma Juni ndi nyengo ya mwera, mphepo yochokera kumwera chakum'mawa, ndipo ine ndimalowera kum'mawa. Kuyambira cha m'ma 9 koloko inali pamphumi panga. Chitunda chimakhala ndi pothera, umapaona n'kudzilimbitsa mtima. Mwera alibe pothera. Ndimapalasa pa giya yomwe ndimakwerera mapiri, pamalo osalala, ana asukulu akundithamangira m'mbali osatopa n'komwe. Zikwama zija, zomwe ndimanyadira, zinasanduka matanga a bwato loyenda chobwerera.

Mabotolo atatu aja anatha nthawi ya nkhomaliro isanakwane. Ku Dedza botolo limodzi limandifikitsa kutali, koma kuchigwa thukuta limauma usanalione ndipo umazindikira mochedwa. Ndinaima pa mjigo wina pomwe amayi ankatunga madzi. "Zikomo amayi, ndingamweko?" Anachotsa ndowa yawo pampopi, mtsikana wina n'kundipopera mpaka mabotolo onse kudzaza. Mayi wina wachikulire anandifunsa kumene ndikupita, nditati ku Cape Maclear anafunsanso ngati kuli maliro. Nditati ayi, ndikungoyenda, anapukusa mutu n'kunena kuti, "Mwanangu, minibasi zilipotu."

Apa m'pamene ndinalakwitsa kachiwiri. Polimbana ndi mphepo ndinayamba kukankha giya yolemera kuti ndifulumire, ndipo chishalo chinali chitatsika pang'ono osadziwa ine, bawuti yake itamasuka ndi mabampu. Bondo linayamba kulankhula ndisanafike pamphambano ya ku Monkey Bay. Makilomita 18 omaliza opita ku Chembe, mudzi wa ku Cape Maclear, amadutsa m'mapiri a m'nkhalango yotetezedwa ya Lake Malawi National Park, ndipo tizitunda take n'tatifupi koma toimirira. Tiwiri ndinakankha wapansi, anyani atakhala m'mbali mwa msewu ngati oweruza.

Tsiku lachinayi sindinakhudze njinga. Ndinasambira, ndinadya kampango, ndinapita kukaona manda a amishoni a ku Scotland amene anafika pano mu 1875 n'kutcha malowa Livingstonia, malungo asanawasamutsire ku Bandawe ndipo kenako ku Khondowe. Madzulo ndinakhala pamchenga kuyang'ana chilumba cha Thumbi, asodzi akukonza nyali zokaphera usipa. Ndinakwezanso chishalo n'kuika chizindikiro ndi tepi kuti chikatsikanso ndidzaone.

Ulendo wa ku Mangochi ndinanyamuka 5 koloko kusanache bwino, chifukwa mwera amadzuka mochedwa kuposa munthu. Phunziro limeneli ndi laulere koma ndinaligula modula. Pofika nthawi yoti mphepo iyambe ndinali nditadutsa kale Nkopola. Ku Mangochi, komwe kale kunkatchedwa Fort Johnston, ndinapumira pafupi ndi nsanja ya wotchi yokumbukira Mfumukazi Victoria, pomwe palinso chikumbutso cha anthu 145 amene anamira ndi sitima ya Viphya mu 1946. Ndinakwera pa mlatho wa Bakili Muluzi kungoti ndione Shire akutuluka m'nyanja yaikulu kulowera ku Malombe, kenako ndinabwerera kukasaka nsima ya chambo.

Tsiku lomaliza, msewu wa M3 wopita ku Liwonde, makilomita opitirira 70. Nyanja ya Malombe imaonekera kumanzere mwa apo ndi apo, yosaya, yotuwa, mapiri ali kutsidya kwake. Gawo limeneli ndi la njinga zenizeni: akabaza, onyamula nsomba m'madengu, onyamula nkhuni, amayi atakhala chammbali pa kaliyala mwana ali kumbuyo. Mnyamata wina wa kabaza amene analibe pasenjala anandiuza kuti ndibisale kumbuyo kwake, ndipo tinasinthana kutsogolera mpaka pa Ulongwe. Wakumbuyo amapuma chifukwa wakutsogolo ndiye akung'amba mphepo. Ndinkazidziwa powerenga, koma kuzimva m'miyendo ndi nkhani ina. Tinagawana thobwa ndi zitumbuwa, iye n'kubwerera.

Ndinafika pa baraji ya Kamuzu ku Liwonde bondo litatupa. Zomba inatsala makilomita ngati 50, kuphatikiza chitunda cha ku Machinga ndi msewu wokwera Ku Chawe, pamwamba pa phirilo. Ndinaimba foni kunyumba, ndipo mayi a ana anangoti, "Bambo, phirilo silisamuka." M'mawa mwake njinga inakwera basi, kondakitala n'kuilipiritsa ngati munthu.

Zomwe ndasintha kale: ndagula labala watsopano wa mabuleki, ndamangirira malo a botolo lachinayi, ndipo zikwama zabwerera kwa telala kuti azichepetse m'mbali. Bondo ndalipatsa masabata atatu. Mu Ogasiti ndikufuna kukayambira pa Liwonde pomwe ndinasiyira, kukwera Zomba, kukaima pa malo oonera patali a Emperor's View n'kuona nyanja ya Chilwa ili pansi. Tsiku limenelo lisanafike ndipita ku Nkhoma, osati kukakwera, koma kukaphunzira kutsika.