Mbiri ya moyo wanga, gawo 9: Nsalu imene inandichititsa manyazi pa Chitakale

Paja tinalekezera pamene amalume anandilola kukhala pa makina awo opalasa a Singer, pakhonde la sitolo pa Chitakale. Pofika nyengo ya chiperoni ndinali nditayamba kudzimva. Chitenje ndinkachidziwa: yeza chifuwa, onjezera mainchesi awiri kuti munthu apume, ika madati (timapindo tosoka kuti chovala chigwire thupi), zipi kumsana, basi.

Tsiku lina amalume atapita kumaliro ku Luchenza, kunabwera mayi wina wogwira ntchito kuesiteti ya tiyi. Anali ndi nsalu ya jezi yobiriwira, yotamuka ngati legeni, yogula ku Limbe, yoti ndiwasokere bulauzi. Ine osaganiza kawiri, ndinayala patani yanga ya chitenje ija, yodula papepala la thumba la simenti. Loweruka atayesa bulauziyo, inangoti lende, khosi lili yasa. Pokweza mkono, ulusi wa kukhwapa unaduka tonse tikumva. Mayiwo sanakalipe. Anangofunsa kuti, "Eni ake makinawa abwera liti?" Bola akanandizazira.

Amalume anaitembenuza bulauzi ija kawiri konse. "Iwe mwana, chitenje umachipatsa malo. Iyi umaimana." Anandituma kumsika wa Limbuli kuti ndikagule sikipa ya kaunjika yondikwana bwino, ndidzaisomole ulusi wonse.

Nditayala zidutswazo ndinadabwa. Chifuwa changa chinali mainchesi 36, koma sikipa inali 32 yokha, yopanda dati ngakhale imodzi. Chovala chochepa kuposa mwini wake, koma n'kumamukhala bwino!

Apa ndi pamene anandiphunzitsa kujambula buloko, patani yoyambira imene masitayilo onse amachokerapo. Usanagwire pensulo, umayamba wafunsa nsalu. Pinda, pima mainchesi 4, koka pa rula osaikakamiza. Ikafika pa 5, ndi yaulesi, chotsa pang'ono chabe pa muyeso wa munthu. Ikafika pa 6, ungathe kuchotsa gawo limodzi mwa magawo khumi. Uisiyenso uone ngati ikubwerera, chifukwa ina imatamuka n'kugona komweko, ndipo imeneyo ukaimana kwambiri idzakulilitsa. Mbali yotamuka kwambiri izizungulira thupi, isatsike m'litali. Popeza pa buloko umajambula theka la kutsogolo ndi theka la kumbuyo, ine ndinagawa 32 uja panayi, n'kupeza 8, ndipo ndinajambula kuyambira pamzere wapakati kufika kukhwapa, kenako chiuno chimodzimodzi. Mutu wa mkono unalingana ndi bowo lake, wopanda zoonjezera. Kansalu ka m'khosi kokha ndiye amalume ankakadula kofupikirapo kuposa khosilo, kuti kalikoke ligone.

Vuto linatsala pa makina. Singer yathu inkangodziwa kusoka mowongoka, pamene jezi imafuna zigizagi ndi singano yobuntha kunsonga, yolowa pakati pa ulusi osaudula. Singano tinaitanitsa ku Limbe. Zigizagi ndinkakapempha kwa telala wina wa makina amagetsi, ndipo malipiro ake ndinkamusokera mabatani a mayunifomu mpaka zala kutupa.

Nsalu ya mayi aja amalume anailipira ndi ndalama zawo, n'kumandidula pang'onopang'ono miyezi itatu. Bulauzi yolakwika ija ndinaichepetsa pa buloko yanga yatsopano, ndipo ndinaivala ndekha pa Khirisimasi. Mayiwo tinakumana nawo pakhomo la tchalitchi. Anaiyang'ana nthawi yaitali, kenako anandigwira paphewa n'kukoka nsaluyo pang'ono.

"Mudzandipeze Lolemba," anatero. "Ndili ndi ina yofiira."