Mwandionera pati? Masiku anayi ku Bwindi

Ana athu atatu anasonkherana ndalama kuti ine ndi bambo awo tikapume ku Uganda pokumbukira zaka 30 za ukwati wathu. Ine ndinayamba ndakana, ndinati ndalama zimenezo bola tigulire malata a nyumba ya kumudzi. Wamkulu uja, amene amagwira ntchito ku Manchester, anangoti, "Amayi, zalipiridwa kale, mukane musakane sizibwerera." Ndinalongedza chikwama ndikung'ung'udza.

Tinakwera kandege kakang'ono ku Entebbe n'kukatsika ku Kihihi, kenako galimoto pa msewu wokhotakhota mpaka ku Buhoma, chipata chakumpoto cha nkhalango ya Bwindi. Mapiri ake ali mbee tiyi ndi nthochi, mungayese muli ku Thyolo. Koma minda imangotha mwadzidzidzi ngati wina wadula ndi mpeni, kutsogolo n'kungoona chikhoma cha mitengo chili bii, nkhungu ikufuka pamwamba.

Loji yathu inali ndi tinyumba 8 tokha, kalikonse ndi khonde lake loyang'ana kunkhalangoko. Bedi lake kukula ngati chipinda chimene ndinabadwiramo. Kumeneko n'kumtunda ndipo usiku kumazizira kuposa kwathu ku Dedza mu June. Tsiku loyamba ndikulowa m'bulangete phazi linagunda chinthu chofunda, chofewa. Ndinakuwa, ndinati ndi mphaka. Bambo anaseka mpaka kutsamwa: linali botolo la labala la madzi otentha, anyamata amaikamo alendo akamadya mgonero. Chimene chinandivuta kuzolowera n'kutumikiridwa. Ine ndinakula ndikusenza ndowa pamutu, lero mnyamata wa msinkhu wa mwana wanga azinditsukira nsapato zamatope? Ndinayesa kumulanda bulashi, anandikaniza mwaulemu kwambiri moti ndinachita manyazi ndine.

Zakudya zachizungu zinalipo zambirimbiri, koma tsiku lachiwiri ndinalowa kukhitchini n'kupempha zimene amadya eni ake. Anandipatsa matooke, nthochi zophikidwa m'masamba ake n'kuzikanya, zothira msuzi wa nsinjiro, ndi chakumwa cha mapira chotchedwa obushera. Ndi thobwa ndithu, kungosiyana dzina.

Za magorila sindichulukitsa, zithunzi zake zadzaza pa intaneti. Pa nthawi imene tinapitako, chiphaso chokawaonera anthu a m'maiko ena a mu Africa tinkalipira madola 500, ochokera kutsidya la nyanja 800. Gulu lililonse la magorila limaonedwa ndi alendo 8 okha patsiku, kwa ola limodzi basi. Tinakwera phiri loterera maola atatu, mtsikana wina wa m'mudzimo atandinyamulira chikwama, pena kundikoka dzanja. Pa kalembera wa 2018 anapeza magorila 459 m'nkhalango imeneyi pamodzi ndi ya Sarambwe ku Congo, pafupifupi theka la onse a mtunduwu padziko lapansi. Chamuna chachikulu cha msana wotuwa chinawayang'ana bambo kamodzi kokha, iwo n'kuzyolika ngati mkamwini pamaso pa apongozi.

Chimene chandikhalira pamtima ndi tsiku lachitatu. Pa ndondomeko ya loji analembapo kuti tikaona chikhalidwe cha Abatwa. Nditangowerenga dzinalo thupi linachita tsembwe. Agogo anga ankatifotokozera madzulo za Akafula, ena amati Abatwa, anthu aafupi amene makolo athu anawapeza m'dziko lathu lino. Ankati ukakumana naye amakufunsa kuti, "Mwandionera pati?" Ukayankha kuti pompano, wamunyoza kuti ndi wamfupi, konzeka kulasidwa. Uyenera kunena kuti, "Ndakuonerani patali uko." Zojambula zofiira za m'mapanga a ku Chongoni, amene UNESCO inawaika pa mndandanda wake mu 2006, akuti n'zawo. Koma ine ndinkawaika gulu limodzi ndi Kalulu ndi Fisi, anthu a m'nthano. Ndiye taonani, mmodzi wa iwo, gogo wa imvi zake, akundigwira chanza ndi manja awiri.

Abatwa anakhala m'nkhalango ya Bwindi kuyambira kalekale, akusaka ndi kufula uchi. Mu 1991 boma litaisandutsa malo otetezedwa, anawatulutsamo onse opanda kuwapatsa malo ena. Choncho zimene tinaona sizinachitikire m'nkhalango yeniyeniyo, koma m'kankhalango kena kunja kwa malire. Gogoyo, atavala chikopa, anapeka moto ndi timitengo tiwiri, utsi n'kutuluka ife tisanamalize n'kukonza makamera. Anationetsa kutchera msampha, kukoka uta, mtengo wa mankhwala a m'mimba, kanyumba kaudzu kamene banja lonse linkagonamo. Amayi anaimba, anavina, ife n'kuomba m'manja. Luso lake ndi lenileni, palibe chonamizira. Koma zitatha ndinamuona gogo uja kuseri kwa mtengo akuvula chikopa chija n'kuvala jekete ya kaunjika yong'ambika pachigongono, ndipo m'manja mwanga munalema.

Kudzera mwa womasulira ndinamufunsa ngati amapitako kumene anabadwira. Analoza chitunda china mkati mwa nkhalango, akuti bambo ake anagona kumeneko, koma iye sangalowe popanda chilolezo. Ine, mlendo wa dzulodzulo, ndinali nditayendamo tsiku lathunthu chifukwa cha madola 500.

Usiku umenewo tinatsutsana ndi bambo tikuotha moto pa loji. Iwo amati, "Mayi, inu mukadakonda magorila atha? Popanda alendo anthu amenewa akanadya chiyani?" Sakunama. Gawo la 20 pa 100 la ndalama zolowera m'malo otetezedwa a ku Uganda limapita kumidzi yozungulira, ndipo pafupifupi onse ogwira ntchito pa loji yathu anali a m'deramo. Koma anali Abakiga, alimi a m'mapirimo. Mutwa sindinamuone n'mmodzi yemwe atavala yunifomu, ngakhale wotchetcha kapinga. Mu 2021 khoti loona za malamulo oyendetsera dziko la Uganda linagamula kuti Abatwa analakwiridwa ndipo boma liyenera kuwathandiza. Ndinawauza bambo zimenezi, iwo anati ndawononga vinyo wabwino ndi ndale. Tinakagona aliyense atafungatira botolo lake.

Madzulo omaliza anyamata ndi atsikana achikiga anadzativinira ekizino, gule wodumpha m'mwamba n'kuponda pansi mwamphamvu mpaka matabwa a khonde kunjenjemera. Ameneyu ndiye ndinalowamo ndi mtima wonse, chitenje m'chiuno, mawondo kuiwala kuti dzana anakwera phiri. Ovinawo mawa lake anali kuminda kwawo.

Ndinabwerako ndi kadengu kamodzi kolukidwa ndi mayi wina wa Chitwa. Mtengo sindinanenerere, chinthu chimene aliyense wondidziwa pa msika wa Lizulu sangakhulupirire. Mdzukulu wanga atakaona, ndinamufotokozera za Akafula monga ankachitira agogo. Anandidula pakamwa.

"Agogo, ndiye anakufunsani kuti mwandionera pati?"

Ayi. Gogo uja anandifunsa ngati kwathu kudakali nkhalango. Ndinaganiza za Dzalanyama ndi njinga za makala zimene zimalowa mu Lilongwe m'mamawa uliwonse, ndipo ndinamuuza womasulira kuti anene kuti ilipo, pang'ono.