Maungu a agogo ku Bembeke

Lolemba ndinakwera njinga yamoto kupita kumudzi wina kufupi ndi Bembeke kukaona mmene ntchemberezandonda zawonongera chimanga. Ndi mwezi wa February, msewu uli matope okhaokha. Ndikutuluka m'munda, agogo ena anandikodola. "Alangizi, tabwerani muone maungu angawa. Maluwa ali mbwee, koma timaungu tikungofota n'kugwa. Kodi ndi nthaka yatha?"

Masamba anali obiriwira bwino, matenda panalibe. Ndinawauza kuti ndibweranso mawa kukamacha.

Lachiwiri 6 koloko inandipeza m'munda mwawo. Duwa la dzungu limatseguka m'mamawa, dzuwa likafika pamutu lafota kale. Chomera chimodzi chimakhala ndi maluwa aamuna ndi aakazi, ndipo lachikazi mumalidziwira kadzungu kamene kali kunsi kwake. Njuchi ikapanda kubweretsa mungu m'maola ochepawo, kadzunguko kamagwa. Tinakhala pamzere mphindi 30 tikudikira. Zinabwera njuchi ziwiri zokha.

"Mwana wanga, kale nthawi ngati ino munda wonse unkangoti ng'ung'ung'u," anatero agogo. Kenako anayamba kuwerenga pa zala: nkhululu zomwe ankakumba kuseri kwa nyumba, bwamnoni yemwe ankadzaza chidebe, ziphaniphani za kudambo, ndi tizilombo tija togubuduza ndowe kukhola. Zonsezi, iwo akuti, masiku ano n'zochita kufunafuna.

Ndinathothola duwa lachimuna, n'kuchotsa timasamba tachikasu, n'kupaka mungu wake pakati pa duwa lachikazi. Agogo anayesa okha, manja akunjenjemera pang'ono, ndipo tinamanga nsanza pa maluwa asanu kuti tidzawazindikire.

Lachitatu ndinatsikira kumadimba a anyamata olima tomato ndi mbatata ya kachewere, omwe katundu wawo amakagulitsa ku Lizulu. Ndinawapeza akupopera masana dzuwa lili phwee, tomato ali m'maluwa. Mankhwala a Cypermethrin ndi Dithane anasakaniza pamodzi, muyezo wake chitsekerero cha botolo, ndipo pomaliza mpope anakatsukira mumtsinje. Sindinawakalipire. Kambozi ka Tuta absoluta kamatha dimba lonse la tomato, ndipo ndalama zolimira ndi zangongole.

Komanso mlandu wina ndi wathu ife alangizi. Ntchemberezandonda zachilendozi zitalowa m'dziko muno, mpaka mu December 2017 Pulezidenti Peter Mutharika n'kulengeza kuti maboma 20 ali pangozi, uthenga womwe ine ndinkayenda nawo mudzi ndi mudzi unali umodzi: thirani mankhwala. Sindinkafotokoza mokwanira kuti mankhwalawo sasankha. Amapha mbozi, koma amaphanso njuchi, mavu omwe amadya mbozizo, ndi tizilombo tofiira tamadontho akuda tomwe timadya nsabwe za m'masamba. Adani a mbozi akatha, mbozi zimabweranso zambiri, mlimi n'kuwonjezera mankhwala. Zimenezi zimandiwawa mumtima.

Si mankhwala okha. Mitengo ya ku Dzalanyama ndi ku Chongoni ikupita m'matumba a makala, ndipo njuchi zikusowa mphako ndi maluwa. Chilimwe chilichonse timatentha tchire posaka mbewa, mazira ndi ana a tizilombo n'kupsera m'zinyalala momwemo. Madambo talima mpaka m'mphepete mwa madzi, pamene ziphaniphani zimaswana m'malo achinyezi. Ku Germany kafukufuku wa 2017 anapeza kuti m'zaka 27 kulemera kwa tizilombo touluka togwidwa m'misampha kunachepa ndi gawo loposa 75 pa 100, m'malo otetezedwa ndithu. Kwathu kuno nkhaniyi imafika m'mbale, chifukwa tina mwa tizilomboti ndi ndiwo.

Lachinayi tinakumana ndi kalabu ya alimi pansi pa mtengo wa mango, mvula ikuwaza. Ndinawapempha kuti ayambe ayendera munda asanagule mankhwala, apopere madzulo njuchi zitabwerera, asapopere mbewu ili m'maluwa, ayese dothi, phulusa kapena madzi a ombwe pansonga ya chimanga, ndiponso asiye kamzere ka tchire m'malire. Bambo wina anaimirira nati, "Alangizi, tomato wanga akaonongeka, njuchizo zidzandilipirira fizi ya mwana?" Funso lake linali loona. Ndinamuyankha kuti sindikumuletsa mankhwala, ndikupempha muyezo woyenera ndi nthawi yoyenera, ndipo tinagwirizana kuti tiyesere limodzi pa mabedi awiri m'dimba mwake.

Lachisanu linathera muofesi ndikulemba lipoti. Fomu yathu ili ndi malo olemba mahekitala ogwidwa ndi mbozi, koma za njuchi ndinachita kuzilemba pamanja kunsi kwa pepala.

Loweruka si tsiku la ntchito, komabe ndinapita. Pa maluwa asanu aja, timaungu tinayi tinali titayamba kufufuma. Agogo ndinawapeza atawerama pamzere ndi mdzukulu wawo wamkazi, akumuonetsa duwa lachimuna ndi lachikazi, nsanza zina zili m'manja.