Pomwe ndafika posankha purosesa ya laputopu: kutentha ndi kupezeka kwake

Ndandanda wa mapurosesa omwe ndikusankhapo wafupika kwambiri tsopano, ndipo chaufupikitsa si manambala a GHz olembedwa pa bokosi. Mafunso awiri ndiwo asefa. Kodi laputopuyo ingatulutse kutentha kochuluka bwanji ikamagwira ntchito yolemera kwa nthawi yaitali? Nanga purosesa yomwe ikutamandidwayo ikupezekadi m'makina amene munthu angagule lero? Ndikulemba pomwe ndafika kuti anzanga amene mukufuna makina okonzera mavidiyo, olembera mapulogalamu kapena osewerera magemu muone njira yake.

Purosesa ya laputopu ya masiku ano sichotseka. Mpaka m'badwo wachinayi wa Intel, Haswell wa 2013, malaputopu ambiri anali ndi soketi, moti munthu ankatha kuzula i3 n'kuikapo i7. Kuyambira cha m'ma 2015 pafupifupi onse amachita kuwotcherera pa bolodi, njira yotchedwa BGA. SSD mudzasintha, RAM mwina mudzawonjezera, koma purosesa ndi zoiziziritsa zake mukhala nazo mpaka makinawo adzathe. N'chifukwa chake gawo limeneli sindikulithamangira.

Anthu ambiri amayang'ana pa i5, i7 kapena Ryzen 7, pomwe nkhani yeniyeni ili pa chilembo cha kumapeto kwa dzinalo. Kwa Intel ya m'badwo wachi 12 ndi 13, U ndi ya 15 W (mawati, muyezo wa magetsi amene imakoka), P ya 28 W, H ya 45 W, ndipo HX ya 55 W. Kwa AMD, U imakhala pakati pa 15 ndi 28 W, HS pa 35 W kupita m'mwamba, H pa 45 W, HX pa 55 W. Taonani ma i7 awiri a m'badwo umodzi, onse a 2022. Core i7-1255U ili ndi ma core 10 (tizigawo togwira ntchito mkati mwa purosesa), koma amphamvu ndi awiri okha, ndipo ikathamanga kwambiri imakoka mpaka 55 W. Core i7-12700H ili ndi ma core 14, amphamvu 6, ndipo imaloledwa kufika 115 W. Pa sitika onse alembedwa i7. Mkatimo ndi makina osiyana kutalitali, ndipo magetsi onse amene purosesa yakoka amasanduka kutentha, palibe opita kwina.

Manambala amenewa si malire okhazikika. Intel ili ndi miyezo iwiri: PL2, yomwe purosesa imaloledwa kukoka kwa kanthawi kochepa, kawirikawiri masekondi 28 kapena 56, ndi PL1, yomwe imatsikirapo ntchito ikapitirira. AMD nayo ili ndi zofanana nazo, kuphatikizapo STAPM, yomwe imachepetsa mphamvu pofuna kuti thupi la laputopu lisawotche m'manja. Amene amaika miyezo imeneyi ndi wopanga laputopu, osati wopanga purosesa. Choncho purosesa imodzimodziyo ikhoza kukhala pa 45 W m'makina okhuthala a mafani awiri, koma n'kupanikizidwa pansi pa 30 W m'makina opyapyala.

Zoziziritsira zili ngati chidebe chokhala ndi kabowo pansi. Poyamba chidebecho n'chopanda kanthu, mukhoza kuthiramo madzi mothamanga. Chikadzaza, mungathire okhawo ofanana ndi amene akutuluka pa kabowo. Mkuwa wa heatsink, chitsulo chochotsa kutentha pa purosesa, umameza kutentha kwa mphindi imodzi kapena ziwiri zoyambirira, ndiye mayeso afupiafupi amaonetsa manambala okongola. Pakatha mphindi khumi, chotsala ndi mphamvu ya fani ndi kukula kwa tizitsulo topyapyala ta heatsink basi.

Zimenezi zinaonekera poyera mu July 2018, pamene MacBook Pro ya Core i9 ya ma core 6 inkatsika liwiro kwambiri pokonza mavidiyo, mpaka Apple inatulutsa pulogalamu yokonza vutolo mwezi womwewo. Vuto la purosesa yaikulu m'thupi lopyapyala si la kampani imodzi, ndipo silinathe.

Kayesedwe kamene ndakhazikikapo

Laputopu ikhale pa tebulo lolimba, yolumikizidwa ku chaja yake yeniyeni, batire itadzaza. Chaja yaing'ono imasokoneza zotsatira: makina a H okhala ndi khadi la zithunzi kawirikawiri amabwera ndi chaja yamphamvu kwambiri, ndipo mukawapatsa ya USB-C ya 65 W amadzichepetsa okha mphamvu ngakhale asanatenthe. Lembani kutentha kwa m'chipinda musanayambe, chifukwa digiri iliyonse yowonjezeka m'chipinda imakawonjezekanso pa purosesa pafupifupi chimodzimodzi, ndipo malaputopu ambiri anapangidwa kuti azigwira ntchito pamalo osapitirira 35°C.

Tsegulani HWiNFO64, pulogalamu yoonetsa kutentha ndi magetsi a makina, pa gawo la masensa, kenako yambitsani Cinebench R23, pulogalamu yopatsa purosesa ntchito yolemera, pa ma core onse kwa mphindi 10. Mukapeza mpata, ikani 30. Amene muli pa Linux, stress-ng ndi turbostat zimagwira ntchito yomweyo. Mizere yofunika kuiyang'anitsitsa ndi itatu: CPU Package Power, liwiro lenileni la ma core, ndi kutentha kwa core yotentha kuposa zonse. Lembani manambalawo pa sekondi ya 20, pa mphindi yachiwiri ndi kumapeto.

Apa ndi pomwe ambiri amawerenga molakwika. Kuona 95°C pakokha si umboni woti makinawo ndi oipa. Mapurosesa ambiri a Intel a m'malaputopu ali ndi malire a 100°C, a Core Ultra 7 155H ndi 110°C, a Ryzen 7 6800U ndi 95°C, ndipo anapangidwa kuti azithamanga mpaka kuyandikira malirewo. Funso ndi lakuti: pa kutentha kumeneko ikukoka mawati angati? Laputopu yokhala pa 95°C ikukoka 60 W mosatekeseka ili bwino kuposa yomwe ili pa 95°C ikukoka 25 W. Ndipo ina ikhoza kuonetsa 75°C yokha chifukwa wopanga anaimanga pa 15 W. Imeneyo ndi yozizira, inde, koma ntchito ikuyenda pang'onopang'ono.

HWiNFO imakuuzani chomwe chikugwira purosesa. Pakalembedwa Yes pa Thermal Throttling, zoziziritsira zalephera. Pakalembedwa Yes pa Power Limit Exceeded pomwe kutentha kuli kotsika, ndiye kuti ndi malire a wopanga, ndipo kusintha thermal paste, phala lopakidwa pakati pa purosesa ndi heatsink, sikungathandize kanthu. Chizindikiro china chomwe ndimachiona kukhala chofunika kwambiri ndi kusiyana kwa ma core. Ngati ma core a mtundu umodzi, pa ntchito imodzi, akusiyana ndi madigiri 15 kapena kuposa, kawirikawiri heatsink sinakhale mofanana kapena paste yathawa mbali imodzi.

Kuthawa kwa paste kumeneku n'kofala m'malaputopu chifukwa purosesa yake ilibe chivundikiro chachitsulo ngati ya pa desiki. Heatsink imagunda pa silikoni penipeni. Zinthu ziwirizi zimafutukuka mosiyana zikatentha, n'kubwerera zikazizira, ndipo kupuma kumeneku kumakankhira paste yofewa m'mbali pang'onopang'ono. Mukatsegula mumapeza pakati pa chipu pali mbee, paste yonse yaunjikana m'mphepete ngati kamzere kouma. Paste yamadzimadzi yomwe imachita bwino pa kompyuta ya pa desiki ikhoza kuyamba kulephera m'miyezi yochepa pa laputopu yotentha. N'chifukwa chake ndasankha PTM7950 ya Honeywell, kachipepala kopyapyala ka 0.2 kapena 0.25 mm kamene kamafewa pa 45°C n'kulimbanso kakazizira, ndipo sikathawa msanga.

Poika, chotsani kaye waya wa batire pa bolodi musanakhudze china chilichonse. Masulani masikuluwu a heatsink motsatira manambala olembedwa pambali pake, kuyambira wamkulu kutsika, ndipo muinyamule mowongoka osaipinda, poti mapaipi ake amkuwa ndi amphako ndipo akapindika satumizanso kutentha bwino. Pukutani paste yakale ndi spiriti ya isopropyl ya 90% kapena kuposa. Kachipepalako kaikeni m'firiji kwa mphindi zingapo kuti kalimbe, kadulidwe molingana ndi chipu, ndipo musaiwale kusenda pulasitiki wa mbali zonse ziwiri. Pomanga tsatirani 1, 2, 3, 4, pang'onopang'ono mozungulira, osati kumangiratu sikuluwu imodzi. Ma thermal pad, timapilo tofewa totumiza kutentha, a pa tizipangizo toyandikana ndi purosesa musawasinthe ndi okhuthala kuposa akalewo: mukaika wa 1 mm pamalo a wa 0.5 mm, heatsink imatukuka ndipo purosesa imatentha kuposa poyamba. Zotsatira zenizeni za PTM7950 zimaoneka makinawo akatentha ndi kuzizira kangapo.

Liquid metal, chitsulo chamadzimadzi chomwe ena amapaka m'malo mwa paste, ndaisiya. Imatumiza magetsi, ndipo gallium yomwe ili m'menemo imadya aluminiyamu. Kadontho kamodzi kakagwera pa bolodi, makina atha.

Fumbi nalo lisaiwalike. Limaunjikana pakati pa fani ndi tizitsulo topyapyala ta heatsink, pamalo osaoneka kunja. Popemerera mpweya gwirani fani ndi chala kuti isazungulire mopitirira muyezo.

Pa zochita za pulogalamu, kuchepetsa voteji kunali njira yabwino kale, koma kuyambira pamene vuto la chitetezo la Plundervolt linaululika mu December 2019, opanga ambiri anatseka zimenezi mu BIOS, pulogalamu ya pa bolodi yoyambitsa makina, ndipo mapurosesa atsopano a U, P ndi H ambiri salola. Chomwe chimagwirabe ntchito ndi kutsitsa PL1 ndi PL2 pogwiritsa ntchito pulogalamu ya ThrottleStop pamene wopanga sanatseke, kapena kuika Maximum processor state pa 99% mu Windows, zomwe zimazimitsa turbo, liwiro lowonjezera la purosesa, pa makina ambiri. Zimathandiza chifukwa ma MHz omalizira ndiwo okwera mtengo pa magetsi: kuti liwiro likwere pamafunika voteji yokwera, ndipo mphamvu imakula molingana ndi voteji kuichulukitsa ndi iyo yomwe. Mukadula pamwamba pang'ono, kutentha kumatsika kwambiri kuposa momwe liwiro latsikira.

Za kupezeka

Purosesa kulengezedwa ndi kupezeka ndi zinthu ziwiri. Ambiri amalengezedwa mu January pa chionetsero cha CES ku Las Vegas, koma malaputopu ake amatha kutenga miyezi kuti afike kwa ogula, ndipo amayamba ndi mamodelo okwera mtengo. Mu 2018 ndi 2019 Intel inkalephera kukwaniritsa maoda a machipu a 14 nm, ndipo kuyambira 2020 kusowa kwa machipu kunakhudza makampani onse. Ngakhale kunja kuli bata, modelo yomwe munaiwerenga ikuyamikiridwa ikhoza kugulitsidwa kwanu ndi purosesa ina pansi pa dzina lomwelo, nthawi zina ndi fani imodzi m'malo mwa ziwiri. Funsani nambala yonse ya modelo, osati dzina la banja lake lokha.

Msampha waukulu ndi machipu akale ovekedwa maina atsopano, ndipo amenewa ndi amene amadzaza m'masitolo. Mu 2023 AMD inaika mibadwo inayi ya Zen, kapangidwe ka mapurosesa ake, pansi pa Ryzen 7000, ndipo nambala yachitatu ndiyo imaulula. Ryzen 5 7520U ndi Zen 2 ya ma core 4, 7530U ndi Zen 3, 7735HS ndi Zen 3+ (apa 5 ya kumapeto ndiyo ikuisiyanitsa ndi Zen 3), pomwe 7640U ndi 7840U ndiwo Zen 4 ya 4 nm. Ryzen 7 7730U kwenikweni ndi 5825U ya chaka chapitacho. Kwa Intel, Core 7 150U yopanda mawu oti Ultra ndi ya m'badwo wakale wa Raptor Lake, m'bale wa i7-1355U, osati Meteor Lake ya December 2023. Machipu amenewa si oipa, koma pa mawati ofanana atsopanowo amagwira ntchito yambiri, ndipo m'laputopu yopyapyala kusiyana kumeneko ndiye nkhani yonse.

Zina ziwiri mwachidule. Core Ultra 200V ya 2024 imadya magetsi ochepa, koma RAM yake, 16 kapena 32 GB, inamangidwira pa purosesa pomwepo ndipo siwonjezeka. Pogula laputopu yogwiritsidwapo kale ntchito, kumbukirani kuti Windows 10 inasiya kuthandizidwa pa 14 October 2025, ndipo Windows 11 imafuna Intel ya m'badwo wachi 8 kapena Ryzen 2000 kupita m'tsogolo, kupatula mamodelo ochepa.

Pakadali pano HX ndaichotsa pa ndandanda. Core i9-13980HX imaloledwa kufika 157 W, ndipo makina oti angaisunge pamenepo ndi olemera, aphokoso, ofuna kukhala pa chaja nthawi zonse. H ya 45 W m'thupi lopyapyala la mainchesi 14 ndaichotsanso, chifukwa munthu amalipira ma core amene sadzathamanga mokwanira. Zatsala ndi za pakati, 28 mpaka 35 W, za Zen 4 kapena Core Ultra, m'makina a mafani awiri ndi mapaipi awiri, otulutsa mpweya kumbuyo kapena m'mbali osati kuupemerera pa sikirini. Chotsatira ndi kubwereza mayeso a mphindi 30 chaja itachotsedwa, poti malaputopu ambiri amatsitsa PL1 akakhala pa batire, ndiponso kuyesa purosesa ndi khadi la zithunzi nthawi imodzi pa makina amene ziwirizi zimagawana mapaipi.