Msonkho unachepa kapena unangobisala?

Sabata yatha aphunzitsi athu a zachuma anatipatsa funso loti tikambirane m'magulu: kodi msonkho umene Mmalawi amasenza wakula kapena wachepa poyerekeza ndi kale? Ine ndinathamangira manambala. VAT, msonkho wa pa katundu wogula, inatsika kuchoka pa 17.5 peresenti kufika pa 16.5 mu 2008. Malipiro a pamwezi osadulidwa PAYE, msonkho wa pa malipiro, anachoka pa K45,000 kufika pa K100,000 mu 2020, kenaka K150,000 mu 2024. Ndinati basi, wachepa.

Madzulo ake ndinafunsa atsibweni anga kuno ku Ngabu, tili pakhonde kuthawa kutentha kwa m'nyumba. Anapukusa mutu. “Mphwanga, inu simunauone msonkho. Amesinjala akangotulukira, amuna osalipira ankathawira m'mabango kumtsinje mpaka dzuwa kulowa.” Anandikumbutsanso za msonkho wa nyumba wa nthawi ya atsamunda, umene unkakakamiza makolo athu kulima thonje kapena kukagwira ntchito m'minda ya azungu kuti apeze masheleni. Kwa iwo, msonkho unatha tsiku limene munthu anasiya kuthamangitsidwa.

Amayi ankamvetsera chete. Kenaka analowa m'nyumba n'kutuluka ndi lisiti lofumbira, la malata ndi simenti zimene tinagula ku Nchalo pomanganso nyumba namondwe Freddy atatigwetsera khoma mu 2023. Anandiloza ndi chala mzere wa m'munsi polembedwa VAT. “Awa ndani anatithamangitsa? Tinapereka tokha.”

Lisitili ndi limene linandisokonezera yankho langa, ndipo ndagona nalo m'mutu masiku atatu. PAYE imakhudza a pamalipiro, monga aphunzitsi, anamwino ndi ogwira ntchito kufakitale ya shuga. Mlimi wa mapira ku Makhanga kapena mayi wogulitsa nsomba ku Bangula alibe malipiro oti adulidwe, koma amalipira akagula mayunitsi a foni, akagula lata, komanso tikiti ya khonsolo tsiku lililonse pamsika, agulitse asagulitse. Ngakhale wa pamalipiroyo, kukwera kwa malipiro osadulidwa PAYE kuja sikunamupumitse kwenikweni. Kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti mu 2022, n'kugwetsedwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndiye K150,000 ya 2024 sinkadzaza thumba limene K100,000 inkadzaza mu 2020. Izi ndinazidumpha chifukwa ndinkayang'ana peresenti yokha osafunsa kuti ikudulidwa pa chiyani, ndiponso kwa yani.

Atsibweni sindikuwatsutsa. Mantha amene anaona anali katundu weniweni, ndipo nambala singawayeze. Koma pepala langa ndalilembanso. Ndaikamo kuti kwa munthu wosauka wa kuno ku chigwa, msonkho sunachepe, unangochoka m'manja mwa mesinjala n'kulowa mu mtengo wa katundu. Anzanga awiri a pagulu akukanabe, akuti ndabweretsa za pakhomo m'phunziro. Lachinayi ndikupita nalo lisiti la amayi lija m'kalasi.